Mudzi Wokhuta Papepala

"Pepala lanu lija taliphikani tsopano, aphunzitsi, ana a mng'ono wanga adye!"

Dorica analankhula ali chiimire pabwalo, mtsuko udakali pamutu, madzi akumutsikira m'khosi. Mwamuna wake Filimoni anali pakhonde ndi sileti pamaondo, akukonza masamu a ana a sukulu. Anadzutsa mutu pang'onopang'ono, monga amachitira munthu amene wamva bwino lomwe koma akufuna nthawi yokonza yankho.

"Amake Ruth, tulani kaye madziwo. Mwakumana ndi chiyani kuchitsime?"

"Ndakumana ndi amtengatenga, aliyense thumba pamutu. Chimanga cha boma, cha anthu anjala. Apuma pamkuyu paja, amwa madzi athu, kenaka anyamuka ulendo wa kumidzi ya kuseri kwa phiri. Ndafunsa msilikali wowatsogolera kuti nanga ife? Waseka. Akuti, 'Mayi, mudzi wanu ngwokhuta, walemba ndi mphunzitsi wanu yemwe.' Pamaso pa amayi onse, atate a Ruth! Ndachita kusowa poika nkhope."

"Ine sindinalembe choncho. Ndinalemba kuti chakudya chilipo chokwanira mudzi wonse, ngati chitagawidwa."

"Ngati! Ngatiyo amakhala nyumba iti m'mudzi muno kuti ndikamupemphe ufa? Inu munakwera nkhokwe ya yani kuti muone za m'kati?"

"Mukudziwa kuti mkamwini sasuzumira m'nkhokwe ya apongozi. Ndinawerenga madenga, makumi awiri ndi atatu, ndipo pakhomo lililonse ndinafunsa. Aliyense anandiyankha kuti chilipo pang'ono."

"Nanga mumati ayankhe chiyani? Mkazi wanzeru zake angauze mkamwini, mzungu ali pomwepo ndi pensulo, kuti m'nkhokwe mwanga mwatsala zitsononkho zokha? Kwanu ku Mkaika amatero? Ngakhale amayi anu, mwana akulira njala kumsana, mlendo akafunsa amati chilipo pang'ono. Mzungu sakanadziwa zimenezo. Koma inu!"

Filimoni anayang'ana pasileti ngati yankho lili pamenepo. Sanali munthu woipa, ndipo chimenecho ndicho chinkamupsetsa mtima kwambiri Dorica. Munthu woipa umamutukwana n'kupuma. Koma uyu ankadwala matenda okhulupirira kuti chinthu chikalembedwa bwino ndiye kuti chakonzeka.

Matendawo anawatenga chilimwe chapitacho, mvula itakana, kwa mzungu wowonda wa magalasi amene anafika m'dera la Sinda ndi hema wake. Sanali m'busa, sanali wa msonkho, ndipo fodya sankagula. Ankachokera kusukulu yaikulu kutsidya kwa nyanja, ndipo ntchito yake, akuti, inali kufufuza ngati anthu akukhala bwino kapena ayi, ndi njira yoti chuma cha dziko chizikomera ambiri. Ankafunsa zinthu zoti munthu wamkulu safunsa: mumadya kangati, mchere mumaupeza bwanji, ana angati anamwalira. Anthu anamutcha Bwana Mafunso. Filimoni anayenda naye miyezi iwiri akumumasulira, ndipo anabwerako ndi nzeru imodzi imene ankaibwereza ngati vesi: dengu la chimanga kwa wokhuta ndi dengu lomwelo kwa wanjala si chinthu chimodzi. Boma litapempha kuti midzi ya njala idziwike, Bwana Mafunso anamusiyira Filimoni mudzi wa mkazi wake kuti auwerenge yekha, mzunguyo akungomuperekeza.

"Mwa nkhokwe zanu makumi awiri ndi zitatuzo," anapitiriza Dorica atatula mtsuko, "zisanu ndi zinayi ndi za amalume a Gibson. Zinazo theka lake ndi madenga chabe. Mwatikhutitsa ndi chimanga cha munthu mmodzi."

Madzulo a tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe, Dorica anabisa kansengwa ka ufa m'nsalu n'kupita kwa mng'ono wake Elina. Nyumba ya Elina inali kumapeto kwa mudzi, m'mbali mwa njira ya ku Katete. Mwamuna wake anagwidwa kukanyamula katundu pankhondo ya Ajeremani, ndipo chimene chinabwerako ndi bulangete lake lokha. Nkhokwe ya Elina inali yokongola kuposa zonse m'mudzimo, denga latsopano, udzu wodulidwa molingana. Ankaifolera yekha chaka chilichonse kuti asamusekere umasiye. M'kati mwake munali mutatha kale Khirisimasi isanafike.

Tiana tiwiri tinali khale pamthunzi, osasewera. Kamng'ono, Febby, kanali katatupa mapazi, tsitsi likufiira. Koma wamkulu wa ana onse atatu, Loyce, anathamangira Dorica akuzungulira ngati kamvuluvulu.

"Amayi aakulu, taonani! Nsalu yanga! Ndi mikanda iyi! Andipatsa agogo a Gibson."

Nsaluyo inali yamaluwa ofiira, yonunkhirabe sitolo, ndipo inamukulira mpaka kukokota pansi. Loyce anali ndi zaka khumi ndi ziwiri, pachifuwa pali see, mwana woti dzulo lomweli ankaphika dothi kumasanje. A Gibson sanali munthu wopereka ngakhale ndudu ya fodya popanda chifukwa.

"Loyce, tenga azing'ono ako mukathyole chisoso," anatero. Ana atachoka anatembenukira kwa Elina. "Nsaluyi yachokera kuti?"

Elina anapitiriza kusenda mango osapsa oti aphike, maso ali pampeni.

"Kwa a Valentino."

"Valentino uti? Kapitao wa kumunda wa fodya uja? Wa ndevu zaimvi, amene amabwera kudzagula chimanga cha phoso la antchito kwa amalume?"

"Yemweyo, akulu."

"Elina, tandiyang'ana. Munthu uja ali ndi akazi awiri kwawo kuseri kwa Vubwi, kumalire ndi Apwitikizi. Mwanayu sanakule n'komwe."

"Amalume akuti akungomutomera. Akuti amutenga akamulere mpaka atakula. Adzatula madengu anayi."

"Ndiye iwe wavomera?"

Elina anaika mpeni pansi. Maso ake anali ouma, ndipo Dorica akanakonda akanalira.

"Akulu, mwamuona Febby. Dzana ndinamudina phazi, chala chinasiya dzenje. Mukudziwa chimene chimatsatira. Ine ndinapita kwa amalume kukagwada kuti andibwereke dengu limodzi, ndidzalipira ndi khasu. Anandipatsa mpando, anandipempherera, kenaka anati chimanga chonse analonjeza kale kumunda wa fodya. Ndi pomwe anatchula za Loyce. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, akulu. Inu kansengwa kanuka ndimathokoza, koma n'ka tsiku limodzi. Dowe ali kutali, masabata asanu ndi awiri."

Dorica anabwerera kwawo akuyenda ngati munthu wopondedwa ndi ng'ombe. Anauza mwamuna wake zonse, ndipo Filimoni anaima n'kukhala, n'kuimanso.

"Zimenezo sizingachitike," anatero. "Lamulungu tikatuluka m'tchalitchi ndikalankhula nawo. A Gibson ndi mkulu wa mpingo, ndi munthu womva. Akangomvetsa momwe zinthu zilili, asintha."

"Inu mumaganiza kuti aliyense wolakwa n'chifukwa sanamvetse," anayankha Dorica. "Fisi amamvetsa bwino kuti mbuzi ndi ya eni ake."

Lamulungu anawapeza a Gibson pampando wawo wandalema, pansi pa mtengo wa mango, nkhokwe zisanu ndi zinayi zitandandalika kumbuyo kwawo. Anali munthu wathupi, wosekaseka, woti sanamvekepo akukalipa. Monga mwini mbumba, ndi iwo ankasunga munda wa kudambo umene makolo anasiyira ana aakazi, munda wokhawo umene sunapse ndi dzuwa chaka chimenecho. Dorica ndi Elina anaupalira nawo mpaka manja kuchita matuza, koma zokolola zinalowa kwa wosunga. Dorica anakhala pamphasa chapatali, Filimoni ananjuta chipewa chili m'manja.

"Apongozi, ndabwera ndi kamawu kochepa. Mundikhululukire ngati ndikulumpha malire."

"Lankhulani, akamwini. Pakamwa pa mphunzitsi timatolapo nzeru."

"Dengu limodzi likachoka m'nkhokwe yanu yomalizira iyo, inu simungamve ngakhale ngati kulumwa ndi udzudzu. Dengu lomwelo likalowa kwa alamu a Elina, ndi moyo wa mwana. Chimanga n'chomwecho, palibe wawonjezera mzere kumunda, koma ubwino wake wachuluka. Ndiye kuti mudzi wonse wapindula, inu osaluza kanthu koti n'kudandaula. Madengu anayi kwa inu ndi fumbi. Musalole mwana apite chifukwa cha fumbi."

A Gibson anaseka mpaka mimba kugwedezeka, n'kuwomba m'manja kawiri.

"Ha! Zokoma kuposa ulaliki wa lero. Wakuphunzitsani ndi mzungu wa mafunso uja? Nanga iyeyo bwanji sanatisiyire dengu kuchokera m'nkhokwe ya kwawo? Akamwini, inu munafika m'mudzi muno ndi mkeka ndi khasu. Takupatsani mkazi, takupatsani munda. Lero mwayamba kugawa nkhokwe za eni mudzi? Paja akulu anati mkamwini asamakule mwendo."

"Amalume," analowerera Dorica, "chimanga chija tinapalira ndife. Mbewu yake ndi ya amayi, mlongo wanu. Loyce ndi mdzukulu wanu. Chibale ndi fupa, sichiola."

"N'chifukwa chake ndikumufunira pabwino, mwana wanga. Valentino kwake sikugona njala. Mwana akadya, amake adya, Febby achira. Ine ndikangoyamba kugawa, mawa mudzi wonse uli pano ndi malichero, ndipo mawu anga kumunda wa fodya asanduka bodza. Ndani akutaya pamenepa? Aphunzitsi, tawerengani ndi masamu anuwo. Onse akupindula."

"Kupatula mwanayo," anatero Filimoni motsitsa mawu.

"Mwana samadziwa chomukomera." A Gibson anawerama, kumwetulira kudakali pankhope. "Koma poti mwandiphunzitsa, nanenso ndikuphunzitseni. Inunso muli ndi nkhokwe. Poyerekeza ndi Elina, wokhuta ndinu. Valentino abwera Loweruka lachiwiri kuchokera lero. Tulani madengu anayi pakhomo pa Elina tsikulo lisanafike, ine ndikamubwezera munthuyo nsalu yake, nkhani ithe. Kupatsa n'kuika, si choncho? Yambani ndinu, tione ubwino ukuchuluka."

Atafika kwawo, Filimoni anatenga makwerero, n'kukwera nkhokwe yawo, yokhayo imene mwambo unkamulola kusuzumira. Anayeza ndi ndodo, anatsika, anatenga sileti. Dorica anamuyang'ana akulemba, akufufuta ndi malovu, akulembanso.

"Muli madengu asanu ndi awiri," anatero potsiriza. "Ife tilipo anayi. Tikamadya kamodzi patsiku, tikafika pa dowe ndendende. Tikachotsa anayi, chitithera kutatsala masabata anayi. Ruth angapirire. Koma Davide ngwoyamwa, ndipo inu mukapanda kudya bere liuma."

"Ndiye mukuti chiyani?"

"Ndikuti cholakwa chili papepala, tikakonze papepala. Ndipita kuboma. Bwana Mafunso akadali kumeneko, akandimvera. Masiku atatu kupita, atatu kubwera. Akangosintha mzere umodzi, amtengatenga atula matumba pamkuyu, ndipo palibe mwana wa munthu apite kulikonse, wathu kapena wa alamu. Nthawi ilipo, Loweruka lija lili kutali. Zikakanika, ndikabwera tidzatula anayiwo."

"Zengerezu adalinda kwawukwawu, atate a Ruth."

"Si kuzengereza. Ndi kufuna njira yoti wina asapweteke."

Dorica anamulola kuti apite. Apa tinene chilungamo, pakuti nayenso mumtima ankachidziwa. Nkhokwe ya pakhomo ndi ya mkazi. Ndi mkazi amatapamo, ndi mkazi amadziwa pamene chafika, ndipo m'mudzi wa amake Dorica sankafunikira chilolezo cha mkamwini kuti apatse mng'ono wake. Akanatha kutula madenguwo tsiku lomwelo. Koma Davide anali pabere akumuyang'ana ndi timaso take, ndipo masamu a mwamuna wake anamupatsa pobisala. Anamukazingira chimanga cha kamba wa panjira, n'kumuperekeza mpaka pamkuyu.

Masiku amenewo mudzi unakhala chete moopsa. Mitondo inasiya kulira m'makomo ambiri, agalu anasiya kuuwa. Mvula inkagwa bwino tsopano, chimanga kumunda chikubiriwira ngati chikuseka anthu, poti munthu sadya masamba ake. Dorica anaimika makwerero pankhokwe katatu. Ulendo woyamba anatsika ndi dengu lodzaza, anaona Ruth akunyambita chikombe, analibwezera. Ulendo wachiwiri anangokwera n'kuyang'ana. Wachitatu anadziuza kuti dikira, mwina mawa atulukira ndi amtengatenga. Tsiku lililonse ankapititsa kansengwa kwa Elina, ndipo tsiku lililonse Loyce ankamulandira atavala nsalu ija, koma anali atasiya kuzungulira.

"Amayi aakulu," anafunsa tsiku lina akumuperekeza, "kodi ku Vubwi n'kutali? Munthu angapite m'mawa n'kubwera kudzagona kwa amake?"

"Wakuuza za Vubwi ndani?"

"Anzanga kuchitsime. Akuti ndine mkazi wa agogo a ndevu aja. Ine ndawauza kuti n'zabodza, poti inu ndi atate aakulu mukukonza. Si choncho?"

"Tikukonza, mwana wanga. Usaope."

Tsiku lachinayi a Gibson anadutsa pakhomo pa Dorica, ambulera m'manja, akuseka monga mwa masiku onse.

"Ndamva kuti akamwini apita kuboma. Kukatineneza?"

"Apita kukakonza pepala lawo, amalume."

"Ehe. Pepala likakonzedwa, asilikali amabwera kudzasuzumira m'nkhokwe za anthu, n'kumafunsa za ana a eni ake. Chabwino. Ayende bwino." Anapitirira, koma sanalowere kwawo. Analowera njira ya ku Katete, kumene kunali munda wa fodya. Dorica anaona, koma anadzitonthoza kuti Loweruka anatchula ndi iwo eni, pamaso pa anthu awiri, ndipo mkulu wa mpingo sangadye mawu ake.

Filimoni anatulukira m'mawa wa tsiku lachisanu ndi chiwiri, dzuwa litangokwera, atagona pamudzi wina chifukwa cha mtsinje wodzaza. Dorica anali atangobwera kuchokera kumunda kumene analawirira kukabandira. Atangoona mayendedwe ake anadziwa. Munthu wobwera ndi uthenga wabwino sayang'ana zala za kumapazi.

"Bwana Mafunso kulibe," anatero atadzigwetsa pakhonde. "Malungo anamugwira, anamunyamula pamachila mwezi watha, akubwerera kwawo. Akuti akalemba buku la momwe tikukhalira kuno. Ndinapeza kalaliki. Ndinamudikira masana onse, kenaka ananditsegulira buku lalikulu. Mudzi wathu uli pamzere umodzi, amake Ruth. Anthu akuti, nkhokwe zakuti, chakudya chokwanira. Ndinati nanga mawu anga aja, oti ngati chitagawidwa? Anandionetsa ndi chala kuti bukulo lili ndi malo a anthu, malo a nkhokwe, ndi malo a inde kapena ayi. Akuti, 'Aphunzitsi, buku ili lilibe malo olembapo ngati.' Ndinamuuza za Febby, ndinamuuza za Loyce. Akuti boma limadyetsa midzi, silidyetsa nyumba. Matumba onse anagawidwa kale."

Anaphimba nkhope ndi manja. Dorica sanamunyoze. Analibe mphamvu, ndiponso analibe nkhope yonyozera munthu.

"Imirirani," anatero. "Gwirani makwerero."

Anatapa mofulumira, zala zikukandika ndi nsungwi. Madengu awiri anadzaza, ena awiri anati abwereranso kudzawatenga. Dorica anasenza limodzi, Davide ali kumsana, Filimoni linalo paphewa, mapazi ake otupa akutsimphina m'matope. Anadutsa pakati pa mudzi. Amayi amene anali m'makomo anawayang'ana, n'kuyang'ana kumbali. Palibe anawapatsa moni.

Asanafike anamva mtondo. Unkalira kumapeto kwa mudzi, kumene mtondo unali utakhala chete mwezi wathunthu, musi umodzi wokha, pang'onopang'ono.

Elina anali kusinja. Pakhonde panali madengu anayi, atatu odzaza, limodzi lotapidwa pamwamba. Febby ndi mkulu wake anali pansi akutafuna chimanga chokazinga, masaya ali tutumu. Panjira ya ku Katete, m'matope a mvula ya usiku, munali mapazi a bulu, ndi pambali pake timapazi topanda nsapato, ndi mzere wa nsalu yokokota pansi.

"Elina! Loyce ali kuti?"

"Anyamuka kusanache bwino." Musi sunaime. "Amalume anabwera nawo a Valentino tambala atangolira. Akuti Loweruka latalika, poti nkhani yafika kuboma."

"Osandituma mwana? Osakuwa? Ine ndinali pompano!"

"Munali pompano masiku onsewa, akulu."

Dorica anatula dengu. Maso ake anagwera m'madengu a pakhonde aja, ndipo anatapamo dzanja. Chinali chimanga cha mawanga ofiira, njere zazing'ono zolimba, mbewu ya amayi awo, imene m'dera lonselo inkalimidwa kudambo kwawo kokha. Valentino sanavutike n'kunyamula kanthu kuchokera kumunda wa fodya. Anangotapa m'nkhokwe za a Gibson, pa chimanga chimene anali atagula kale.

"Ichi n'chathu," ananong'ona. "Elina, ichi tinapalira ndife."

"Ndachizindikira. Loyce nayenso anachizindikira, paja ndi iye ankaingitsa anyani. Anandifunsa kuti, 'Amayi, ngati n'chathu chomwe, ine ndikupitiranji?' Kenaka anati tidikire pang'ono, amayi aakulu akubwera, anandilonjeza. Anayenda chotembenuka mpaka pakhota paja."

Filimoni anali chiimire, dengu lidakali paphewa.

"Alamu, ndiwatsatira. Sanafike patali. Ndikadandaula kumpingo, ndikalemba kalata..."

"Mukawapeza mukanena kuti ndinu yani? Malume wa mwana wapereka, make walandira, ana adya kale. Madzi akatayika saoleka, alamu. Mkamwini akalankhula chiyani?"

Apo Elina anaimika musi, n'kupukuta manja pansalu yake yong'ambika. Anayang'ana dengu la paphewa pa Filimoni, n'kuyang'ana la pamapazi pa mkulu wake. Sanakweze mawu.

"Bwererani nacho, ana anu angagone ndi njala. Kuno chilipo, ndipo lero sindikunena mwaulemu chabe. Kwerani muone, ndakulolani. Madengu awonjezeka anayi, pakamwa pachepa pamodzi. Tengani sileti yanu ija mulembe, aphunzitsi. Tsopano pepala lanu lanena zoona."

Anatola musi n'kuyambanso kusinja. Dorica anathamangira kunjira, Davide akulira kumsana, akutsata timapazi tija ndi kuitana dzina la mwanayo. Mvula inali itayamba kudontha, ndipo pofika pakhota paja sanathenso kusiyanitsa phazi la Loyce ndi matope.